ZA UMOYO WATHU: Cifuwa cotsalira TB itacoka

Sabata ino tikambe za anthu amene anatsiriza mankhwala a TB a miyezi 6, acipatala nawauza kuti acira, koma kufikira lero akali kutsokomola makhololo m'mawa mulimonse. Otere alipo ku Kamushanga mu tauni ya Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma pfumbi la m'cilimwe likali kubvuta, ndipo alipo ndi m'midzi mwathu. Abale ambiri amati munthuyo analodzedwa. Iai, si ufiti.

TB pocoka imasiya zipsera m'mapapo, ndipo njira zina za mpweya zimatsala zotanuka. M'menemo makhololo amaima monga madzi m'ngalande yotsekeka, tizirombo tina ndi kuswana, cifuwa ndi kumabwerera. Mankhwala amapha tizirombo, koma kufukula ngalandeyo ndi nchito ya wodwala mwini, tsiku ndi tsiku, pakhomo pace.

Kacitidwe kace ndi aka. Khalani pampando, mapewa ali omasuka, nimupume pang'onopang'ono. Kokani mpweya wambiri ndi mphuno, muugwire masekondi 3, ndi kuuturutsa mosakakamiza. Citani tero katatu kapena kanai. Mutapumulako, tsegulani kukamwa ndi kuturutsa mpweya mwamphamvu kuti "haa", monga mucitira pakalirole pofuna kukapukuta. Makhololo akafika pakhosi, pamenepo tsokomolani. Bwerezani kwa mphindi 10 kapena 15, m'mawa ndi madzulo, musanadye nsima.

Ngati mbali imodzi ndiyo yodwala, gonani cammbali, mbali yodwalayo iri pamwamba. Mbale wanu angathe kumaomba panthiti ndi dzanja lofumbata ngati lotungira madzi, koma asamenye pafupa la msana. Labvulirani m'kacitini ka cibvundikiro ndi kukataya m'cimbudzi, osati pabwalo posewera ana.

Imwani madzi okwanira kuti makhololo apepuke. Mbaula ya malasha ikhale panja, fodya mumleke, ndipo wazani madzi pabwalo musanasese.

Tsono cenjerani apa. Mukaona magazi, lekani zonsezi ndi kuthamangira kucipatala tsiku lomwelo. Makhololo akacuruka kapena kusanduka obiriwira, thupi likatentha, mukayamba kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, pitani kukiliniki akapimenso makhololo, pakuti TB imatha kubweranso. Mankhwala ace m'zipatala za Boma ndi aulere. Makapisozi ogula pamsika awiri-awiri amangolimbitsa tizirombo, ndipo tsiku lofunika mankhwala eni-eni sadzagwiranso nchito.

Inu a ku Kamushanga, pemphani anamwino akulembereni kalata yopita kucipatala cacikuru ca Kabwe, kuti akakuonetseni kapumidwe kameneka maso ndi maso. A kumudzi citani cimodzimodzi pacipatala ca boma lanu. Mlimi sadikira kuti udzu ufike m'ciuno ndiye apalire. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata ya mawa.