Tilange wofalitsa cithunzi, osati mwana wojambulidwa

Kale mlandu wa mwana unali kuthela pa bwalo la nyakwawa, pansi pa mtengo wa masau. Lelo mlandu uli m'foni, ndipo foni ithamanga kuposa bwato la injini. Cithunzi cojambulidwa usiku pa Feira, m'mawa cili ku Zumbo, masana cafika ku Lusaka. Tikunena za ana athu amene atumizilana zithunzi zamalisece pa WhatsApp ndi Facebook. Ambili a ife makolo tafuula kale kuti: "Amangeni!" Koma tiyeni tiyambe tafunsa, timange ndani?

Kuno ku Luangwa tidziwana. Mvula ivuta, njovu zimaliza minda, ndipo ndalama ya pa nyumba icokela ku nsomba, mphasa ndi masau. Boma linacotsa malipilo a sukulu mu 2022, koma sopo, nsapato ndi mafuta odzola zikali pa khosi pa kholo. Tsono pabwela munthu wamkulu wa ndalama m'thumba, amugulila mtsikana tokotaimu, mawa akuti: "Nditumizileko kacithunzi." Kwina ndi mnyamata mnzake wa m'kalasi amene akuti: "Ngati umandikonda, onetsa." Cibwenzi cikatha, cithunzi cija cisanduka mkwapulo. Madzi akatayika saoleka.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tigulila mwana foni, kapena timusiya abweleke ya mnzake, koma sitikhala naye pansi. Alangizi a cinamwali aphunzitsa za ulemu ndi za m'nyumba, za foni ayi. M'miphakati ya mpingo tikamba za copeleka ndi za malilo, nkhani iyi tiicitila manyazi.

Nanga lamulo likuti bwanji? Lamulo la milandu, lochedwa Penal Code, liletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula, ndipo mu 2005 analiwonjezela mphamvu pa zithunzi za ana. Lamulo la milandu ya pa intaneti la 2021 linalowedwa m'malo ndi Cyber Crimes Act ya 2025, imenenso iletsa zithunzi zolaula za ana. Komanso mu 2022 msinkhu woimbidwa mlandu unakwezedwa kucoka pa zaka 8 kufika pa 12, ndipo Children's Code Act ya 2022 ilola kuti mwana wolakwa awongoledwe ndi uphungu m'malo mothamangila naye ku ndende.

Maganizo athu ndi awa. Munthu wamkulu amene apempha cithunzi kwa mwana, kapena kumuopseza naco, apite ku khoti. Pasakhale za mbuzi kapena nkhuku zolipila pa mudzi, cifukwa uwu si mlandu wa nyakwawa. Mnyamata amene wamwaza cithunzi ca mnzake nayenso ayankhe, koma ayankhe monga mwana: aitanidwe ndi makolo ake, alangizidwe, apepese, ndipo akabweleza lamulo limugwile. Ife akulu amene tilandila cithunzi n'kucipatsila ena uku tikuseka, tidziwe kuti nafenso tapalamula.

Koma mtsikana amene anadzijambula yekha, manyazi amulanga kale mokwanila. Mukamuopseza ndi apolisi, abisa zonse, ndipo amene apulumuka ndi cigawenga cija cinamunyenga. Mukamuthamangitsa sukulu, mwamukankhila ku ukwati umene lamulo la 2023 linaletsa kwa aliyense wosafika zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Dziko lino kuyambila 1997 lilola mtsikana wobeleka kubwelela m'kalasi. Nanga wa cithunzi timutayilenji?

Ena adzati tikulekelela khalidwe loipa. Iyayi. Chimo ndi chimo, ndipo tidzalichula dzina lake ku chalichi ndi kunyumba. Koma ndende siphunzitsa mwana ulemu.

Tipempha Mfumu yaikulu Mburuma ndi Mfumu Mphuka, ansembe ndi abusa, aphunzitsi kucoka ku Katondwe mpaka pa Boma, kuti nkhaniyi ikambidwe poyela. Kholo likapeza cithunzi cotele lisacitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa m'bale. Lipite ku ofesi ya Victim Support Unit ku polisi. Mwana amene aopa kuuza makolo angaimbe 116, nambala yaulele yothandiza ana.

Mbuzi ikalowa m'munda sitiocha munda, tikonza mpanda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.