Ofufuza Akalowa M'malonda: Phunziro la Kampani ya BioNTech

Ambiri mwa anthu a m'dziko muno amene analandira katemera wa Covid-19 wotchedwa "wa Pfizer" sadziwa kuti nzeru yake inachokera ku kampani ina ya ku Mainz, m'dziko la Germany, dzina lake BioNTech. Mbiri yake iyenera kulingaliridwa bwino, pakuti ionetsa chimene chichitika pamene anthu ozolowera kufufuza ayamba malonda.

Kampaniyi anaikhazikitsa m'chaka cha 2008 madotolo Uğur Şahin, Özlem Türeci ndi Christoph Huber, cholinga chao chili kufunafuna mankhwala a khansa. Kwa zaka 12 inalibe mankhwala ngakhale amodzi pa msika. Chuma chake chinali luso la mRNA, ndiko kuti uthenga wouza thupi kuti lipange lokha kanthu koliphunzitsa kulimbana ndi nthenda.

Mliri utabuka mu 2020 akatswiriwo anakonza katemera msanga. Koma kumkonza m'chipinda chofufuzira ndi kwina. Kumuyesa pa anthu oposa 40,000, kupeza chilolezo cha maboma, ndi kumtumiza kutali ali wozizira madigiri 70 pansi pa ziro ndi kwinanso. Zoterezi BioNTech inali isanazichitepo. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, mu Malichi 2020 inapangana ndi Pfizer ya ku America, imene inali nao kale mafakitale ndi njira zogulitsira, kuti agwire ntchito pamodzi nagawane phindu. Inagulanso fakitale ya Novartis ku Marburg. Pa 2 Disembala 2020 boma la Britain linaloleza katemerayo.

Ndalama zolowa zinakwera kuchoka pa mayuro 482 miliyoni mu 2020 kufika pafupifupi 19 biliyoni mu 2021. Mliri utazirala zinatsika kufika 3.8 biliyoni mu 2023, ndipo mu 2024 kampaniyo inataya mayuro 665 miliyoni, pakuti malonda anachepa pamene ndalama zambiri zinali kulowa m'kafukufuku wa khansa. Wodalira katundu mmodzi ali pangozi yotere: akapanda kupeza wachiwiri chuma chikalipo, malonda aima.

Nkhaniyi ikhudzanso Africa. Mu Disembala 2023 BioNTech inatsegula gawo loyamba la fakitale yake ku Kigali, m'dziko la Rwanda. Koma mu Epulo 2024 kampani inzake, Moderna, inaimitsa chikonzero chomanga fakitale ku Kenya, niti maiko a mu Africa anali atasiya kuitanitsa katemera wake.

Tsono mfundo yake ndi iyi: nzeru yokha simanga fakitale, ndipo fakitale yopanda ogula sikhalitsa. Maboma ofuna kuti katemera apangidwe mu Africa muno ayenera kulonjeza kumgula chaka ndi chaka, ngakhale pa nthawi imene kulibe mliri.