ZA AMAI: Dziwani saizi ya bra yanu musanapite kumsika

Cobvala cimene amai ambiri muno mu Lusaka amagula mosayesa ndi bra, imene anzathu a ku Malawi amaicha kamisolo. Nsapato timayesa, diresi timayesa, koma tikafika pa cobvala cam'katici manyazi amatigwira. Pa msika wa Kabwata, monganso ku Kamwala ndi ku City Market, mai amangogunditsa bra pamwamba pa bulauzi, nayang'ana uku ndi uku, nalipira msanga. Zotsatira zake ndizo mapewa odulidwa ndi zingwe, zipsera zakuda kunsi kwa mabere, ndiponso ndalama zotayika pa cinthu cimene cidzangogona m'sutikesi.

Pa kansalu ka saizi pamalembedwa nambala ndi cilembo, monga 36B. Nambalayo iimira lamba wozungulira cifuwa kunsi kwa mabere, ndipo cilemboco ciimira kapu, ndiko kuti kathumba m'mene bere limakhala. Zilembozi anayamba kuzigwiritsa nchito a kampani ya S.H. Camp ku America mu 1932.

Kuti mupeze saizi yanu, bwerekani tepi kwa atelala, pakuti pa Kabwata sasowa. Poyamba pimani kunsi kwa mabere, tepiyo igwire thupi bwino ndipo isapendekeke kumsana. Kenaka pimani pamene mabere atuluka kwambiri, mosathinitsa. Tsono cotsani nambala yoyamba pa yaciwiri. Zikasiyana ndi inchi 1 kapu yanu ndi A, mainchi 2 ndi B, 3 ndi C, 4 ndi D, 5 ndi DD. Motero mai amene wapeza 34 kunsi ndi 37 pamwamba ayambe kuyesa 34C. Kale anali kuphunzitsa kuonjezera mainchi 4 pa muyeso wa kunsi, cifukwa nsalu za nthawi imeneyo sizinali kutamuka. Nsalu za lero zimatamuka, ndipo woonjezera cotere kawirikawiri amagula lamba womkulira.

Pali cinthu cimodzi cimene ngakhale ogulitsa ena sacidziwa. Cilembo pacokha sicinena kukula kwa bere. Kapu ya 34C ilingana ndi ya 36B, ilingananso ndi ya 32D. Conco ngati 36B ikukwanani m'mabere koma lamba akhwepa, musafune 34B ai, funani 34C. Amai ena amaopa cilembo D ngati kuti ndi citonzo, nadzipanikiza mu B zaka ndi zaka. Kumeneko ndiko kudzizunza pacabe.

Katundu wa m'misika yathu amacokera ku maiko osiyanasiyana, ndipo dziko liri lonse liri ndi kawerengedwe kake. Lamba amene ku England amalemba 34, ku Germany amalemba 75, ku France 90. Pambuyo pa DD a ku England amapita ku E, pamene makampani ambiri a ku America amalemba DDD. Cifukwa cake tepi ingokuuzani poyambira. Woweruza weniweni ndi thupi lanu.

Mukabvala, imani pa galasi cammbali. Lamba akhale woongoka kuzungulira thupi lonse. Akakwera kumsana kulinga kukhosi ndiye kuti wakula. Iyeyu ndiye asenza katundu wambiri, zingwe za m'mapewa zingothandizira. Amene amafupikitsa zingwe kuti mabere akwere amangodzipweteka mapewa, bvuto liri pa lamba. Zala ziwiri zilowe kunsi kwa lambayo, osati dzanja lonse. Kansalu ka pakati kagone pa fupa la cifuwa. Bere likasefukira pamwamba kapena m'khwapa, kapu yacepa. Nsalu ikacita makwinya, kapu yakula. Bra yatsopano kolowekani pa timbedza takumapeto, kuti ikayamba kutha mphamvu muzisendera m'kati. Amai ambiri ali ndi bere limodzi lokulirapo, ndipo si matenda. Gulani molingana ndi lalikululo.

Saizi simakhala imodzimodzi moyo wonse. Kunenepa, kuonda, pakati ndi kuyamwitsa zonse zimaisintha. Woyamwitsa apewe bra yothina kapena ya waya wobaya, pakuti ingatsekereze njira za mkaka bere nkutupa. Ndipo inu anakubala ndi alangizi, mtsikana akayamba kumera mabere mpimeni yekha. Musamponyere yakale ya mkulu wake, cifukwa ana ena amaleka masewera a kusukulu kapena kuyenda cowerama kaamba ka manyazi amenewa.

Za salaula tinene mosabisa. Muyezo wa boma wa ZS 559, umene a Zambia Compulsory Standards Agency amauyang'anira, uletsa kulowetsa m'dziko ndi kugulitsa zobvala zam'kati zogwirapo kale nchito, ndipo bra iri m'gulu limenelo. Colinga ndico kuteteza anthu ku matenda a pakhungu. Tidziwa kuti amai amapitako cifukwa ca mtengo, ndiponso cifukwa saizi zazikulu zimabvuta kupeza m'masitolo ambiri. Pamenepa amalonda athu ayenera kudzifunsa. Komabe bra imene wina anaibvala kale imakhala itatha mphamvu, kotero kuti nambala yolembedwapo sinenanso zoona.

Ena amafunsa ngati bra ya waya imayambitsa khansa. Ofufuza a pa Fred Hutchinson ku Seattle anafalitsa zotsatira za nchito yao mu 2014, ndipo sanapeze kugwirizana kuli konse. Koma ngati popima mwakhudza cotupa colimba, kapena mwaona nsonga ya bere italowa m'kati mwacilendo, musati ndi bra yalakwa. Pitani ku kiliniki sabata lomwelo, ndipo ngati nkofunika anamwino adzakutumizani ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital.