Chipukuta misozi cha namondwe chidzere pa Mtukula Pakhomo

Namondwe wa Freddy atakantha chigawo chakummwera mu Malichi 2023, anthu oposa 650,000 adasowa pokhala. Ku Chilobwe matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira nyumba, eniake ali momwemo. Ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje madzi adakokolola mbuzi, nkhokwe ndi chimanga chongotsala pang'ono kukhwima. Akufuna kwabwino adabwera ndi ufa, zofunda ndi ndowa, ndipo tidathokoza. Koma ufa sukhalitsa, pomwe munda wodzala mchenga umatenga zaka kuti ubalenso.

Ine ndikuti njira yothandizira tili nayo kale. Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, imapereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, pafupifupi banja limodzi mwa 10 aliwonse. Tsoka ilo, namondwe sawerenga kaundula. Mayi yemwe dzulo amadzidalira pogulitsa tomato pa Chitakale lero ali pamsasa, ndipo dzina lake mulibe m'buku.

Boma lilemberetu mabanja onse a m'chigwa cha Shire, m'mbali mwa Ruo ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa mvula isanagwe. Azanyengo akangochenjeza, ndalama zilowe pafoni, pa Mpamba kapena Airtel Money, kuti banja lisamutse ana ndi ziweto madzi asanafike. Tsoka likadutsa zilowenso zogulira mbewu ndi malata. Alipo onena kuti anthu akamwera mowa. Amenewo akaime kumsasa afunse mayi wogona m'kalasi ndi ana asanu chomwe angayambe kugula.

Nanga ndalamazo zichokera kuti? Utsi womwe wasokoneza nyengo sudafuke ku Nsanje. Nchifukwa chake ku Dubai mu 2023 maiko adatsegula thumba lolipirira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo. Malonjezo oyamba adali pafupifupi madola 700 miliyoni ogawana maiko onse osauka, pomwe Malawi yekha amafunika pafupifupi madola 680 miliyoni kuti akonze zomwe Freddy adaphwasula. Zochepa chonchi sizofunika kuthera m'maalawansi a misonkhano ya kunyanja.

Aphungu athu akakamire lamulo loti gawo lalikulu la ndalamazi lizifika pakhomo, ndipo maina a olandira azimatidwa kwa amfumu kuti aliyense aziwona. Nalo boma liwonjezere zake m'bajeti, poti mpaka pano Mtukula Pakhomo ikudalira kwambiri thumba la abwenzi akunja.