Khansa ya M'magazi Ikalusa, Wodwala Auzidwe Zoona

Khansa ya m'magazi yotchedwa chronic myeloid leukemia imatha kukhala zaka ili phee, makamaka kuyambira 2001 pamene mankhwala a imatinib anavomerezedwa. Koma ikalusa, maselo osakhwima n'kufika 20 pa 100 alionse m'magazi kapena m'mafuta a m'mafupa, dokotala ayenera kuyeza mozama ndi kumuuza wodwala zimene wapeza. Zoopsezera moyo n'zodziwika: ukalamba, mapulateleti ochepa, kusokonekera kwa makromozomu ena kuwonjezera pa kromozomu yotchedwa Philadelphia imene imapezeka m'khansayi, komanso maselowo akakhala a mtundu wa myeloid, umene umavuta kuposa wa lymphoid. Kusintha kwa jini kotchedwa T315I ndiye kumalepheretseratu imatinib, pomwe mankhwala a ponatinib amathandiza.

Ena amati kunena zoterezi n'kumutayitsa mtima wodwala. Nkhawayo ndi yomveka, poti ziwerengero zimachokera ku gulu la odwala, ndipo munthu mmodzi akhoza kupyola zimene zimalosera. Komabe kubisa kumadya nthawi. Wa T315I akapitiriza kumwa imatinib, masiku ofunira mankhwala ena kapena m'bale womupatsa mafuta a m'mafupa amangotha, chikhalirecho matenda akafika pamenepa, popanda chithandizo choyenera, amatha kupha m'miyezi yochepa chabe.