Mawu asanu a Chingerezi ndi bodza lakuti Chichewa n'chosauka

Pali chizolowezi chimene chikumera mizu pakati pa omasulira, ndipo ndikufuna kutsutsana nacho poyera. Munthu akakumana ndi mawu a Chingerezi akuti print, press, imprint, stamp ndi emboss, amawerenga zala n'kunena kuti: "Taonani, anzathu ali ndi mawu asanu, ife tili ndi kusindikiza basi." Akatero amathira kusindikiza paliponse, ndipo chiganizo chikamveka chopotoka amaimba mlandu chinenero. Ine ndikuti mlanduwo ndi wa womasulira.

Tiyeni tiwafukule mawuwo tione chuma chimene akutiopseza nacho. Atatu oyambawo ndi ana a mimba imodzi. Onse anachokera ku mneni wa Chilatini wakuti premere, kutanthauza kukanikiza, ndipo print anafika ku England kudzera m'Chifalansa chakale. Abale athu a ku Tete ndi ku Niassa amaumva muzu womwewo m'Chipwitikizi akamati imprimir kapena imprensa. Stamp ndi wa fuko lina, la zinenero za Chijeremani, ndipo tanthauzo lake lakale ndi kuponda mwamphamvu ndi phazi. Emboss anachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza chotupa, n'chifukwa chake amanena za chizindikiro chotumphuka chimene chala chimachimva, monga timadontho ta zilembo za Braille. Chuma chonsecho ndiye chimenechi: kukanikiza, kuponda ndi chotupa. Kodi n'chiti mwa izi chimene agogo athu sankachidziwa?

Chimene Angerezi anachita ndi kukoka mawu ochepa mpaka atatalika ngati legeni. Johannes Gutenberg atayamba kusindikiza mabuku ku Mainz cha m'ma 1450, anagwiritsa ntchito makina okanikiza ofanana ndi ofinyira mphesa. William Caxton anakhazikitsa makina otere ku Westminster mu 1476. Press linali dzina la makinawo, kenako linakhala la nyumba yosungiramo makinawo, kenako la nyuzipepala, ndipo lero mtolankhani wa pa wailesi amene sanakhudzepo inki amatchedwanso press. Sitampa yoyamba yomata pa kalata, Penny Black ya mu 1840, inkamatidwa ndi ulimbo, koma dzina la kuponda linaikakamirabe. Makina ambiri a m'maofesi mwathu amangowaza inki pa pepala popanda kulikanikiza, komabe amati akuchita print. Palibe Mngerezi amene amagona tulo tamasomaso chifukwa cha zimenezi.

Vuto limabwera ifeyo tikamatsatira mawu m'malo motsatira chochitikacho. Fomu ya ku banki kapena ya pa chipata cha dziko ikati print your name, sikutanthauza makina ayi. Ikupempha munthu kulemba dzina lake ndi zilembo zotalikirana, zosalumikiza, kuti liwerengeke bwino. Womasulira akalemba kuti "sindikizani dzina lanu", mayi wa kumudzi amene wagwira cholembera angachite chiyani? Adzaganiza kuti akufuna chala chake, kapena adzasiya malowo opanda kanthu, n'kubwezedwa atayenda mtunda wautali. Press conference ndi msonkhano wa atolankhani, press freedom ndi ufulu wofalitsa nkhani, ndipo pa mbali ziwirizi tinachita bwino chifukwa amene anamasulira anafunsa kaye kuti chikuchitika n'chiyani. Pa fomu yokha, pamene munthu wamba akhoza kutaya ndalama kapena malo ake, m'pamene timachita ulesi.

Nanga m'nkhokwe mwathu muli chiyani? Mfumu imadinda kalata, ndipo chidindocho chimapatsa kalatayo mphamvu. Wosadziwa kulemba amadinda chala. Buku timasindikiza. Batani la foni timadina, ndimu timafinya, malaya timasita, katundu wolemera amatipsinja, mfundo yofunika timaitsindika. Chingerezi chimatha kugwiritsa ntchito press pa batani, pa malaya ndi pa chipatso pomwe, pamene ife tili ndi mneni wake wa chilichonse. Ngati masewero ake ndi owerenga zala, ndiye kuti osauka pano si ife. Ndipo taonani ichi: oppress, mwana winanso wa premere, timamumasulira kuti kupondereza, mawu ochokera ku kuponda. Zinenero ziwiri zimene sizinapangane zinaona nkhanza mofanana, ngati kulemera kotsikira pa munthu.

Ena adzati tingotenga mawu obwereka, tizinena kuti kupulinta. Sindikudana ndi kubwereka. Sitampa tinabwereka kalekale ndipo inakhazikika bwino. Koma kupulinta kumangonena za makina a pa desiki, sikungathandize mayi wa pa fomu uja. Kubwereka mawu amene womasulirayo sanawamvetse n'kungosamutsira chisokonezo chake kwa owerenga, amene alibe ngakhale mwayi woona Chingerezi chimene chinali pa pepala loyambalo.