Tisawagwiritse fuwa la moto anyamata athu a mpira

Aliyense amene adakhalapo pa Mchinji Boma Loweruka kapena Lamulungu masana akudziwa zimene ndikufuna kunena. Ikangokwana 2 koloko anthu amayamba kukhamukira kubwalo la mpira, ena wapansi, ena pa kabaza, ena atatseka maokala awo makasitomala akadali pakhomo. M'bwalomo mumakhala anyamata a zaka 15 mpaka 19, jezi zobwerekana, nsapato wina kuvala ya kumanja mnzake ya kumanzere, koma mpira wake woti munthu nkuiwala kuti sunadye nkhomaliro. Timawaombera m'manja, timawafupa, timawapatsa maina a akatswiri a ku Ulaya. Koma abale anzanga, ndani mwa ife adayamba wadzifunsa kuti zaka zisanu zikubwerazi ana amenewa adzakhala ali kuti?

Ine funso limeneli lidandipeza mochedwa, ndipo lidandipeza kudzera mwa muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu ankasewera kutsogolo, ndipo kunena zoona mwendo wake wamanzere udali ndi mankhwala. Ali Folomu 3 adayamba kujomba kusukulu chifukwa cha zokonzekera ndi maulendo a timu, lero ku Kamwendo, mawa ku Kapiri, mkuja ku Mkanda, pa lole yonyamula mtedza. Mayi ake atabwera kudzandidandaulira ndidawayankha kuti, "Achemwali, musiyeni mwanayu, chuma chake chili m'miyendo." Patapita miyezi yochepa munthu wina adamulonjeza kuti amupezera timu ku Lilongwe. Adapita, adagona pa mphasa m'nyumba ya eni kwa miyezi inayi, adavulala bondo pa zokonzekera, ndipo wolonjeza uja sadaonekenso. Lero muphwa wangayo amapalasa kabaza pakati pa Boma ndi kuchipata cha Mwami. Bondo limamuvuta kukazizira, satifiketi ya MSCE alibe. Malume amene adayenera kumuongolera ndi ine ndemwe, ndipo ndi ine ndidamukankhira kuphompho.

Tiyeni tiwerengetse monga amalonda, poti masamu a phindu ndi kuluza timawadziwa. Ligi yaikulu ya dziko lino ili ndi matimu 16. Ngakhale timu iliyonse italemba osewera 30, malo onse ndi 480 basi, ndipo malo amenewa akulimbirana anyamata a maboma onse 28, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, osaiwala obwera kuchokera kunja. Boma la Mchinji lokha lidapezeka ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera wa 2018. Kodi wamalonda wanzeru angaike mpamba wake wonse pa katundu woti mwayi wogulitsa ndi wochepa chotere? Nanga bwanji timalola mwana kuika moyo wake wonse pa mpira, sukulu nkuitaya kuseri?

Mwina wina anena kuti umu ndi mmene masewera amakhalira kulikonse, kuti wofuna ukatswiri ayenera kusankha chimodzi. Iyayi, si choncho. Ndiloleni ndikutengereni kutali pang'ono, ku Canada, dziko lozizira kumene masewera amene anthu amawafera monga ife timafera mpira ndi hockey ya pa ayezi. Kumeneko osewera 6 mbali iliyonse amatsetsereka pa madzi oundana atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, nkumamenya kamphira kakuda kophwatalala ndi ndodo zokhota. Masewerawo ndi achilendo kwa ife, koma maloto a mnyamata wa kumeneko ndi omwewa a mnyamata wa pa Boma: kutchuka, kupeza ndalama, kumangira makolo nyumba.

Mnyamata wa luso ku Canada amachoka pakhomo pa makolo ake ali ndi zaka 16 kukalowa timu ya achinyamata, nthawi zina m'tauni ya mtunda wautali kuposa kuchoka kuno kukafika ku Blantyre. Amatha kusewera m'matimu otere mpaka zaka 20. Akafika sagona m'nyumba ya munthu wongomutola pamsewu ngati muphwa wanga. Timu imamupezera banja lodziwika lomusunga, amadya nawo, amatsata malamulo a pakhomopo, ndipo ngati sadamalize sekondale amapita kusukulu ya m'tauniyo. Moyo wake ndi wa kalasi, zokonzekera ndi maulendo ataliatali a pa basi m'nyengo yozizira. Onse amalota zokasewera mu NHL, ligi yaikulu ya matimu 32, koma ligi imeneyo imasankha achinyamata ongopitirira pang'ono 220 pa chaka kuchokera m'maiko onse. Ambiri safikako, ndipo eni masewerawo amadziwa zimenezi.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Podziwa kuti ambiri sadzafika pamwamba, ligi ya achinyamata ya kumadzulo kwa dzikolo, Western Hockey League, idaika lamulo lakuti sizoni iliyonse imene mnyamata wasewera imamupatsa chaka chimodzi cha maphunziro a kukoleji kapena kuyunivesite, fizi ndi mabuku zolipiridwa. Wasewera zaka zinayi koma ukatswiri wakanika? Zaka zinayi za sukulu zikukudikira. Thukuta limene mwana adakhetsera timu silipita pachabe.

Ku America nako njira ilipo ina. Anyamata a mu ligi yotchedwa USHL salandira malipiro, ndipo cholinga cha ambiri ndi chakuti yunivesite ina iwaone, iwatenge kuti akaisewerere uku akuphunzira pa sikolashipu. Koma yunivesite singakutenge ngati magiredi ako a kusekondale ndi ogwa, ngakhale utakhala dolo wotani. Kotero mnyamata amene amalota za hockey ya kukoleji amadziwa kuti kope ndi ndodo yosewerera ziyenera kuyendera limodzi. Kwa zaka zambiri bungwe la masewera a m'makoleji a ku America, NCAA, linkakana anyamata ochokera m'maligi akuluakulu a achinyamata a ku Canada powaona ngati alawa kale malipiro, koma mu November 2024 lidasintha lamulolo, ndipo kuyambira pa 1 August 2025 nawonso khomo la koleji lidawatsekukira.

Sindikunena kuti kumeneko ndi kumwamba ayi. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ana amenewa amasowa makolo awo, amavulala, ena amasinthanitsidwa kuchoka timu ina kupita ina pakati pa chaka ngati katundu. Pa 6 April 2018 basi ya timu ya achinyamata ya Humboldt Broncos idawombana ndi chilole m'chigawo cha Saskatchewan ndipo anthu 16 adafa. Ife amene timakweza ana athu pamwamba pa matumba kupita nawo kumpira tiyenera kuimva nkhani imeneyi ndi mantha. Koma chimodzi chokha anzathuwa adachigwira bwino: adamanga mpira wawo ndi sukulu pa chingwe chimodzi, pamene ife tidazisandutsa mitala yosamwerana madzi.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: "Amenewo ndi olemera, ife tiitenga kuti ndalama?" Pepani, bodza limenelo tisadzinamize nalo. Ndalama m'mpira wa m'maboma zimalowa ndithu. Chaka ndi chaka timaona mabonanza ndi zikho, zina za amalonda, zambiri za andale makamaka chisankho chikayandikira. Ndalama zimenezi zimathera kuti? Timu yopambana imagawana, aliyense kapepala kake, madzulo omwewo zathera pa chipisi ndi zakumwa. Lolemba mwana yemwe uja wabwezedwa kusukulu chifukwa alibe yunifolomu. Wopereka chikho wajambulitsa chithunzi, dzina lake lamveka, wapita. Kodi kumeneku ndi kuthandiza mwana kapena kumugwiritsa ntchito ngati chikwangwani?

Ndipo sitikusowa zitsanzo kuno kwathu komwe. Ku Lilongwe kuli sukulu ya mpira ya Ascent Soccer imene imaphunzitsa ana mpira pamodzi ndi za m'kalasi, ndipo ena mwa anyamata ndi atsikana ake adapeza mwayi wokaphunzira ku America pa sikolashipu. Mu April 2023 ku Durban, anyamata a Salima Secondary School adakhala achitatu pa mpikisano wa masukulu a mu Africa yonse wokonzedwa ndi CAF. Ana amenewo adafika kumeneko chifukwa adali pa sukulu. Akadakhala kuti adathawa kalasi nkumakasewera mabonanza, ndani akadawaona? Nanga ana a Mchinji Secondary, a ku Magawa, atsikana a ku Ludzi, ali ndi miyendo yosiyana ndi ya ana a ku Salima?

Tsono pempho langa loyamba likupita kwa inu amalonda anzanga a pa Boma, inu a magolosale, a mahadiweya, ogula soya ndi mtedza, ndi inu oyenda maulendo a ku Chipata. Musaleke kuthandiza mpira, koma sinthani kathandizidwe kake. M'malo moika ndalama yonse pa chikho cha tsiku limodzi, gawani pawiri. Theka likhale mphoto monga mwa nthawi zonse, theka linalo lisungidwe m'buku la komiti yokhala ndi kholo, mphunzitsi ndi wamalonda, kuti mwana amene wasewera sizoni yonse osajomba kusukulu agulidwe yunifolomu, makope, nsapato, kapena alipiriridwe malo ogona kusukulu. Amene wamaliza Folomu 4 athandizidwe kukalowa sukulu ya ntchito zamanja monga ya ku Namitete, pa msewu wathu womwewu wa ku Lilongwe. Ndalamayo isadutse m'manja mwa mwana kapena kochi, ipite molunjika kumene ikufunika, ndipo lisiti lioneke. Mutu umodzi susenza denga, koma amalonda khumi atagwirizana angathe kusenza timu yathunthu.

Pempho lachiwiri ndi la kwa makochi ndi akuluakulu a matimu. Ambiri a inu mumagwira ntchitoyi mongodzipereka, popanda ndi tambala yomwe, ndipo tikukuthokozani. Koma ikani lamulo: wopanda lipoti la kusukulu jezi asaione. Zokonzekera zizichitika ana ataweruka, ndipo nthawi ya mayeso mpira uziyamba waima. Munthu akabwera ndi nkhani yoti atenga mwana kupita naye ku Lilongwe kapena kutsidya kwa malire, afunsidwe pamaso pa makolo: mwanayu akagona kuti, akaphunzira sukulu iti, akavulala alipira chipatala ndani? Akayamba chibwibwi, dziwani kuti ndi tambwali. Nanu aphunzitsi, lekani kumuona mwana wa mpira ngati mbuli yosatheka. Mawu oti "iwe zako ndi za mpira basi" athamangitsa ana ambiri m'kalasi kuposa umphawi.

Pomaliza ndilankhule nanu ana asukulu, poti nkhaniyi ndi yanu. Lotani ndithu, palibe akukuletsani. Temwa Chawinga adachokera ku Rumphi, boma la kumudzi ngati lathu lomweli, ndipo mu 2024 adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America nkusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mkulu wake Tabitha wasewera ku Sweden, ku China, ku Italy ndi ku France. Zimatheka. Koma werengani kuti a Chawinga alipo angati m'dziko la anthu mamiliyoni ambirimbiri. Ndiponso ngakhale amene wafika pamwamba amafunika kuwerenga kontilakiti asanasaine, kulankhula ndi kochi wachilendo, ndi kusunga ndalama zake, chifukwa mpira umatha munthu akadali ndi zaka 30 zakubadwa ndi zochepa pamwamba, moyo ukadali wautali. Bondo limathyoka tsiku limodzi, satifiketi siithyoka. Amene akukuuzani kuti musankhe pakati pa mpira ndi sukulu sakukufunirani zabwino, ngakhale atakhala malume anu.

Sabata yatha ndidakwera kabaza ya muphwa wanga uja kuchokera kumsika. Tikudutsa pafupi ndi bwalo adachepetsa liwiro, maso ali kwa tiana timene timathamangitsa mpira wa mapepala. Adandilozera kamodzi nkunena kuti, "Malume, kameneko kali ndi mwendo. Koma mukakaona mukauze kasasiye sukulu." Ndidangoti chete, manyazi atandigwira. Mawu amene ndidayenera kumuuza ine zaka zapitazo, lero akundiuza ndi iye. M'mera mpoyamba, abale anzanga. Loweruka likubwerali tikapita kubwalo, tisanafunse kuti wagoletsa ndani, tiyambe tafunsa kuti mwanayo ali Folomu chani.